Mabomba otchera m'nyanja ndi pamtunda: chifukwa chiyani kholo la ku Ndirande liyenera kudziwa?

Mukaima pamzere wa mafuta ku Ginnery Corner, kapena mukamawerenga ndalama zogulira thumba la feteleza ku Limbe, nyanja yamchere imaoneka ngati nkhani ya eni ake. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yaikulu. Komatu petulo ndi dizilo, feteleza wambiri, tirigu wophikira buledi ndi mankhwala ochuluka a m'zipatala zathu zimayamba zakwera sitima yapamadzi mpaka ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, kenako n'kukwera malole kapena sitima yapanjanji. Njira ya panyanja ikatsekeka kwinakwake, mitengo imakwera mumsika wa Ndirande.

Chida chotchipa kwambiri chotsekera njira yotere ndi bomba lotchera m'madzi. Ndipo mabomba otchera, a m'madzi ndi a pamtunda omwe, abwereranso m'nkhani. Mu Januwale 2024 mayiko a Turkey, Romania ndi Bulgaria anasainirana mgwirizano wothandizana kusaka mabomba amene akuyandama m'nyanja ya Black Sea chifukwa cha nkhondo ya Russia ndi Ukraine. Mu 2025 mayiko asanu a ku Ulaya, omwe ndi Estonia, Latvia, Lithuania, Poland ndi Finland, anaganiza zotuluka m'pangano loletsa mabomba okwirira pansi opha anthu. Lero tiyeni tione mmene mabombawa amagwirira ntchito, mmene sitima zowachotsa zinapangidwira, zimene ife ndi anansi athu a ku Mozambique tinaona, ndi zimene inu makolo komanso odzipereka pa zaumoyo muyenera kuuza ana.

Bomba la m'madzi limadziwa bwanji kuti sitima yafika?

Bomba lotchera lili ngati diwa la mbewa. Mwini wake amatchera n'kumapita, diwalo n'kumadikira. Silisankha. Likhoza kugwira sitima ya nkhondo, sitima ya tirigu kapena bwato la asodzi, ndipo silidziwa kuti nkhondo inatha.

Mtundu wakale kwambiri ndi bomba lozungulira ngati mpira waukulu, lokhala ndi tinyanga. Amalimangirira ndi waya ku chitsulo cholemera chimene chimakhala pansi pa nyanja, ilo n'kumayandama pang'ono kunsi kwa madzi moti silioneka. Sitima ikagunda kanyanga kamodzi, bomba limaphulika.

Mtundu wachiwiri ndi wochenjera kuposa pamenepo. Bombali limangogona pansi pa nyanja ndipo silidikira kugundidwa. Ana anu akamaseweretsa maginito a m'sipika ya wailesi yakufa, amaona kuti misomali imakokedwa. Sitima yachitsulo nayonso imakhala ndi mphamvu ya maginito, ndipo ikamadutsa imasokoneza mphamvu ya maginito ya dziko lapansi pamalopo. M'kati mwa bomba muli kachipangizo kamene kamamva kusinthako n'kuyatsa moto. Ajeremani anagwiritsa ntchito mabomba otere kumayambiriro kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo a ku Britain anazindikira chinsinsi chake mu Novembala 1939, atatola limodzi lathunthu m'matope ku Shoeburyness. Pambuyo pake kunabwera mabomba omva phokoso la injini, ndi ena omva kusintha kwa kulemera kwa madzi sitima ikamadutsa pamwamba. Ena amawatchera kuti awerenge: sitima zingapo zidutse bwinobwino, ina yapambuyo ndiyo iphulitsidwe.

Mphamvu ya chida chimenechi inaonekera ku Wonsan, ku Korea, mu Okutobala 1950. Mabomba pafupifupi 3,000, ambiri otcheredwa pogwiritsa ntchito timabwato wamba, anaimitsa gulu lalikulu la sitima za nkhondo za America kwa masiku opitirira sabata, ndipo sitima ziwiri za America zochotsa mabomba, USS Pirate ndi USS Pledge, zinamira. Mayiko amphamvu anatolapo phunziro: bomba lotchipa likhoza kutsekereza sitima zodula.

Sitima ya nkhondo yopangidwa ndi matabwa

Yankho la Britain linali gulu la sitima zimene zinadziwika ndi dzina lakuti Ton, chifukwa zinkapatsidwa mayina a midzi ya ku Britain othera ndi mawu akuti "ton", monga Coniston, Bronington ndi Gavinton. Zinayamba ntchito mu 1953, ndipo m'zaka za m'ma 1950 zinapangidwa zoposa 100.

Funso limene okonza mapulani ake anali nalo linali ili: mungapange bwanji sitima yoti idutse pamwamba pa bomba, bombalo osaimva? Choyamba, anachepetsa chitsulo. Thupi la sitimayi analipanga ndi matabwa a mahogany, mtengo wa m'banja limodzi ndi mbawa imene akalipentala athu amapangira zitseko ndi mipando. Matabwawo ankawasanjikiza kawiri pa nthiti za aluminiyamu, chitsulo chopepuka chimene timapangira mapoto, chomwe maginito sachikoka. Mukhoza kuyesa nokha: maginito amamatirira ku khasu koma osati ku poto wa aluminiyamu. Zipangizo zambiri za m'sitimamo zinali za mkuwa ndi zitsulo zina zosakokedwa ndi maginito. Mphamvu ya maginito yotsalira, monga ya mainjini, ankaiziziritsa ndi mawaya a magetsi ozungulira m'thupi la sitima, amene ankapanga mphamvu ina yotsutsana nayo.

Chachiwiri, sitimayi inali yaing'ono ndi yosazama m'madzi. Kutalika kwake kunali pafupifupi mamita 46, kucheperako pang'ono poyerekeza ndi Ilala yathu imene ili ndi mamita pafupifupi 52 ndipo inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951. Gawo lomira m'madzi linali pafupifupi mamita awiri ndi theka okha, kuti izitha kulowa m'madoko ndi m'mbali mwa nyanja momwe mabomba amatcheredwa kwambiri. Munkakhala anthu 30 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo liwiro lake silinkapitirira makilomita pafupifupi 28 pa ola. Kupepukako kunali ndi mtengo wake: mafunde akakula, sitimayi inkagwedezeka koopsa ndipo moyo wa m'menemo unali wowawa.

Sitima za Ton zinagwira ntchito m'mayiko ambiri: Australia, India, Malaysia, Ghana, Argentina, Ireland ndi ena. M'chigawo chathu chino, South Africa inali nazo 10, zokhala ndi mayina a mizinda imene abale athu opita ku Joni amaidziwa bwino, monga SAS Johannesburg, SAS Pretoria, SAS Kimberley ndi SAS Durban. Mfumu Charles ya ku Britain, isanalowe ufumu, inatsogolerapo imodzi mwa sitimazi, HMS Bronington, mu 1976. Ndipo mu 1972 anatsitsira m'madzi HMS Wilton, yopangidwa motsatira pulani yomweyo ya Ton koma thupi lake lili la pulasitiki wolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi. Pulasitiki sawola ngati thabwa ndipo maginito samukoka. Sitima zambiri zochotsa mabomba za masiku ano zinatsata njira imeneyi.

Kusesa ndi kusaka

Poyamba ntchito ya sitimazi inali kusesa. Sitima inkakoka waya wautali kumbuyo kwake, wopatukira chammbali, wokhala ndi timipeni. Wayayo akakola chingwe cha bomba, chinkaduka, bomba n'kutumphukira pamwamba, asilikali n'kuliwombera ali patali. Pofuna kupusitsa mabomba a maginito, ankakoka chingwe chachikulu cha magetsi chimene chinkanamizira sitima yachitsulo. Pofuna kupusitsa omva phokoso, ankakoka chipangizo chosokosera ngati injini. Cholinga chinali chakuti bomba liphulike kumbuyo, kutali ndi sitima.

Vuto la kusesa ndi lakuti sitima yosesayo imayenera kudutsa kaye pamalo oopsawo, ndiponso simudziwa ngati mwasesa onse. Bomba lowerenga lija likhoza kungokhala chete. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1960 sitima zambiri za Ton anazisintha kuti zizisaka. Anaziikira chipangizo chotchedwa sonar, chimene chimatumiza phokoso m'madzi n'kumvetsera mmene likubwerera, monga mmene mleme umadziwira njira mumdima. Akaona chinthu chokayikitsa, sitima imaima patali, akatswiri olowa pansi pa madzi n'kupita pa kabwato kukaika kabomba kakang'ono pambali pake kuti aliphulitse. Lero ntchito yoopsayo yayamba kugwiridwa ndi timakina toyendetsedwa ndi munthu ali kutali.

Sitima za Ton zinathandiza nawo kuyeretsa ngalande ya Suez mu 1974, ndipo ngalandeyo inatsegulidwanso mu Juni 1975 itakhala yotseka kuyambira mu 1967. Mu 1984 zinaitanidwanso pomwe mabomba anawononga sitima zamalonda zingapo m'Nyanja Yofiira. Zomaliza zinapuma ntchito ku Britain m'zaka za m'ma 1990. Sitima yomangidwa ndi matabwa inatumikira zaka pafupifupi 40.

Nanga feteleza wathu akulowapo bwanji?

Russia ndi Ukraine ndi ena mwa mayiko ogulitsa tirigu wambiri padziko lapansi, ndipo Russia ndi gwero lalikulu la feteleza. Nkhondo itabuka mu Febuluwale 2022, madoko a Ukraine anatsekeka, mwa zina chifukwa cha mabomba otcheredwa m'madzi. Ena anaduka zingwe n'kuyamba kuyandama mpaka kufupi ndi khwalala la Bosphorus ku Turkey. Sikuti bomba lililonse limamiza sitima ayi. Mphekesera yokha yakuti m'madzi muli mabomba imakweza ndalama za inshuwalansi, eni sitima n'kuyamba kukana kupitako, ndipo mtengo wonsewo umathera pa wogula womaliza, amene ndi inu.

Mu Julaye 2022 bungwe la United Nations ndi dziko la Turkey anathandiza kuti pakhale mgwirizano wotsegula kanjira kotetezeka m'nyanjamo, ndipo usanathe mu Julaye 2023 kanjirako kanatulutsa matani pafupifupi 33 miliyoni a chakudya. Munthawi yomweyo, matani 20,000 a feteleza wa kampani ya ku Russia ya Uralchem, amene anatsekeredwa ku Ulaya, ananyamuka ku Netherlands pa sitima yobwerekedwa ndi World Food Programme, kudzera ku Beira, n'kuperekedwa ku Malawi mu Malichi 2023. Tisanamizane: kukwera mitengo kwathu kuno kuli ndi zifukwa zambiri, kuphatikizapo kusowa kwa ndalama zakunja ndi kugwa mphamvu kwa kwacha. Mabomba a ku Black Sea si amene anayambitsa zonsezi. Koma anawonjezera katundu pamutu pa munthu wolemedwa kale.

Zidzukulu za sitima za Ton zili pakati pa nkhani imeneyi. Britain inapereka ku Ukraine sitima ziwiri zosaka mabomba za gulu la Sandown, za thupi la pulasitiki. Koma mu Januwale 2024 Turkey inanena kuti sizingadutse m'khwalala lake kulowa m'nyanja ya Black Sea nkhondo ili m'kati, potsatira pangano la Montreux la mu 1936. Apa phunziro ndi lakuti kutchera bomba n'kwa tsiku limodzi, koma kulichotsa kumafuna zida zodula, akatswiri, nthawi, komanso chilolezo cha andale.

Ife tinaziona pamtunda

Nyanja yathu ya Malawi ilibe vuto la mabomba otchera. Koma amene muli ndi zaka 45 kupita m'tsogolo mukukumbukira kuti njira zathu za kunyanja zinatsekekapo kale, osati m'madzi koma pamtunda. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene inayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinawonongedwa, moti pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 katundu wathu ankazungulira ulendo wautali ndi wodula wochokera ku Durban. Malole odutsa m'chigawo cha Tete kuchokera ku Mwanza ankayenda pamdipiti moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ndipo asilikali a Malawi anatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala. Anthu othawa nkhondo okwana pafupifupi miliyoni imodzi anakhala nafe ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Mulanje, Ntcheu, Dedza ndi maboma ena.

Nkhondo itatha, mabomba anatsala m'nthaka: m'minda, m'tinjira ta kuchitsime, pansi pa milatho ndi m'munsi mwa nsanja za magetsi. M'chigawo cha Tete munali ena akale kuposa apo, amene Apwitikizi anakwirira pozungulira damu la Cahora Bassa, ndi amene asilikali a Rhodesia anakwirira m'malire m'zaka za m'ma 1970. Kuyeretsa dzikolo kunatenga zaka zoposa 20. Bungwe limodzi lokha, la HALO Trust, linachotsa mabomba oposa 171,000 kuyambira mu 1993. Pa 17 Seputembala 2015 boma la Mozambique linalengeza kuti malo onse odziwika kuti muli mabomba ayeretsedwa. Mawu ofunika apa ndi akuti "odziwika", chifukwa pambuyo pake malo ena ochepa anapezekanso.

Kuno kwathu, Malawi anavomereza pangano la Ottawa loletsa mabombawa mu 1998. Malo okayikitsa anali a m'malire ndi Mozambique komanso m'misasa yakale ya a Payoniya, amene analandidwa zida mu Disembala 1993. Mu 2007 bungwe la Norwegian People's Aid linachita kafukufuku m'malowa, ndipo mu 2008 Malawi analengeza kuti wakwaniritsa udindo wake pa panganoli. Imeneyi ndi nkhani yabwino, ndipo palibe chifukwa choti muziyenda mwamantha m'makwalala a Bangwe kapena Chilomoni. Koma kulengeza kotere sikutanthauza kuti chipolopolo chilichonse ndi bomba lililonse la pamanja la nthawi ya nkhondo linatoledwa.

Bwampini amene salemera mokwanira

Nzeru ya sitima ya matabwa ija, yakuti wosaka akhale chinthu chimene bomba silingachimve, inagwiranso ntchito pamtunda m'njira yodabwitsa. Bungwe la APOPO, limene linayambitsidwa mu 1997 ndi Bart Weetjens wa ku Belgium, limaphunzitsa abwampini ku Sokoine University of Agriculture ku Morogoro, m'dziko la Tanzania. Inde, bwampini yemweyu amene amatiba chimanga m'munda. Amalemera kilogalamu imodzi kapena kupitirira pang'ono, choncho akaponda bomba lokwirira siliphulika.

Chipangizo chofufuzira zitsulo chimalira pa msomali uliwonse ndi chitini chilichonse, ndipo wofufuza amayenera kukumba mosamala paliponse pamene chalira. Bwampini safuna chitsulo, amanunkhiza fungo la onga wa TNT. Amamuphunzitsa kwa miyezi yambiri: akapeza fungolo amamva kulira kwa kachipangizo, n'kulandira nthochi kapena mtedza. Kumunda amayenda atamangidwa kachingwe pakati pa anthu awiri oima pamalo oyeretsedwa kale, ndipo akamva fungo amapalasa pansi. Malo aakulu ngati bwalo la tenesi amawamaliza pasanathe theka la ola. Ku Mozambique, magulu a APOPO anachotsa mabomba oposa 13,000, ndipo anagwiranso ntchito m'chigawo cha Tete. Bwampini wina dzina lake Magawa, wobadwira ku Tanzania, anapatsidwa mendulo ya golide mu 2020 chifukwa cha ntchito yake ku Cambodia.

Odzipereka pa zaumoyo mudzakondwa kumva kuti mphuno yomweyo imanunkhizanso chifuwa chachikulu. Ku Tanzania kuyambira mu 2007 ndi ku Maputo kuyambira mu 2013, makhololo amene zipatala zayeza kale amawatenthetsa kuti tizilombo tife, kenako abwampini amawanunkhiza kachiwiri. Bwampini mmodzi amamaliza makhololo a anthu 100 m'mphindi pafupifupi 20. Amene wawakayikira amakayezedwanso ku labotale munthu asanauzidwe kuti akudwala. Kuno ku Blantyre sitidalira abwampini. Makhololo amayezedwa ndi maikulosikopu kapena makina a GeneXpert. Koma mfundo yake ndi imodzi ndi imene mumagwiritsa ntchito mukamayenda khomo ndi khomo ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri kufunsa amene akutsokomola: choopsa chobisika sitichidikira kuti chiphulike, timachisaka.

Pangano likagwedezeka, amapweteka ndani?

Pangano la Ottawa linasainidwa mu Disembala 1997 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Malichi 1999, ndipo msonkhano woyamba wa mayiko a m'panganoli unachitikira ku Maputo chaka chomwecho. Sizinangochitika mwangozi: chigawo chathu chino chinali ndi zipsera zambiri. Mayiko oposa 160 analowamo, ngakhale kuti America, Russia ndi China sanalowemo.

Mayiko a ku Ulaya amene anaganiza zotulukawo ali ndi mfundo yawo. Akuti achita malire ndi Russia kapena ndi bwenzi lake Belarus, Russia sili m'panganoli ndipo yakwirira mabomba ochuluka ku Ukraine, choncho iwo sangadzimange manja. Mantha awo ndi enieni. Koma mbiri ya Tete ikuyankha kuti bomba lokwirira limakhala nthawi yaitali kuposa nkhondo imene analikwiririra. Lipoti la Landmine Monitor linawerenga anthu 5,757 amene anaphedwa kapena kuvulazidwa ndi mabomba otere komanso zotsalira za nkhondo mu 2023. Mwa anthu 100 alionse, 84 anali anthu wamba, ndipo mwa anthu wambawo, oposa mmodzi mwa atatu alionse anali ana.

Chifukwa chiyani ana? Mwana ndi wachidwi, amatola chilichonse chonyezimira. Amayenda mosiya njira, pokasaka mbewa, pokatola nkhuni kapena podyetsa mbuzi. Ndiponso ndi wamfupi: bomba limene lingadule phazi la munthu wamkulu limafika pamimba ndi pachifuwa pa mwana, ndipo thupi lake lili ndi magazi ochepa oti angataye. Akapulumuka, mwendo woikirira umafunika kusinthidwa kawirikawiri pamene akukula, ndipo banja limasenza mtolowo kwa zaka.

Chodetsa nkhawa china ndi ndalama. Ntchito yochotsa mabomba imadalira thandizo la mayiko olemera, ndipo pamene nkhondo zatsopano zikuchuluka, mayiko ngati Angola ndi Zimbabwe, amene sanamalize kuyeretsa nthaka yawo, akulimbirana thumba lomwelo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zoyenera kuuza ana ndi anansi

Mumzinda wathu, ngozi yeniyeni si munda wa mabomba koma chitsulo chachilendo chimene chafika m'manja mwa mwana. Malonda a zitsulo zakutha ndi aakulu ku Ndirande ndi ku Limbe, ndipo ana ambiri amatola zitsulo m'mitsinje ya Mudi ndi Nasolo kuti apeze ya mandasi. Zitsulo zina zimachokera kutali, ngakhale kumalire. Madzi osefukira nawo amafukula zokwiririka: ku Mozambique madzi a mu 2000 anasuntha mabomba kuchoka pamalo pomwe ankadziwika, ndipo tonse tinaona mmene namondwe wa Freddy anagubuduzira nthaka ku Soche ndi ku Chilobwe mu Malichi 2023. Palinso tizipangizo tophulitsira miyala ku makwale, tooneka ngati kachubu kachitsulo kokhala ndi mawaya, komanso zitini za utsi wokhetsa misozi zotsalira pambuyo pa zionetsero.

Uzani ana malamulo atatu. Loyamba: chitsulo chosadziwika, makamaka chooneka ngati chinanazi chaching'ono, ngati botolo lokhala ndi zipsepse kumchira, ngati chitini chophwatalala kapena ngati chipolopolo chachikulu, asachigwire, asachiponde, asachigende. Lachiwiri: abwerere mmene anadzera, poponda momwe anaponda. Lachitatu: akauze munthu wamkulu nthawi yomweyo, ndipo inu musamukalipire mwana amene wanena, chifukwa mawa adzabisa.

Inu akuluakulu, musachinyamule kuti mukachionetse kupolisi. Chisiyeni pomwepo, letsani anthu kuyandikira, ikani chizindikiro chapatali, ndipo dziwitsani apolisi ndi amfumu kapena atsogoleri a m'dera. Dzimbiri si umboni wakuti bomba linafa. Nthawi zambiri lakale ndilo losachedwa kuphulika. Ogula zitsulo, osula mbaula ndi owotcherera asamenye, asacheke ndiponso asaike pamoto chitsulo chotsekeka chimene sakuchidziwa. Amene mumapita kukagula mbewu kapena kukaona abale ku Tete, ku Angonia kapena ku Milange, yendani m'njira zimene eni dera amayendamo, ndipo funsani musanalowe m'tchire kapena m'mabwinja. Safunsa anadya phula.

Ngozi ikachitika, musathamangire pamalopo musanatsimikize kuti palibe china chimene chingaphulike. Chimene chimapha msanga ndi kutaya magazi. Dinikizani bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera, ndipo ikanyowa onjezerani ina pamwamba osachotsa yoyambayo. Ngati dzanja kapena mwendo waduka, kapena magazi akukana kusiya, mangani nsalu yotambalala molimba kumtunda kwa bala, osati waya kapena kachingwe kowonda, ndipo kumbukirani nthawi imene mwamanga kuti mukauze adokotala. Musazule chitsulo chimene chalowa m'thupi. Musathire dothi, phulusa kapena mankhwala azitsamba pabala. Mfunditseni wovulalayo, musamupatse chakudya kapena chakumwa chifukwa angafunike opaleshoni, ndipo thamangirani naye kuchipatala. Ovulala kwambiri amatumizidwa ku Queens. Ngakhale amene alibe bala looneka akaonedwe, chifukwa mphepo ya kuphulika imaboola makutu ndipo imatha kuvulaza mapapo ndi matumbo m'kati.

Odzipereka pa zaumoyo, simukusowa zida zatsopano pa ntchito imeneyi. Mphindi zisanu pa sikelo ya ana, pa msonkhano wa makolo kusukulu kapena pa kalabu ya achinyamata n'zokwanira kuphunzitsa malamulo atatu aja. Pitaninso kwa ogula zitsulo a m'dera lanu mukacheze nawo, chifukwa iwo ndiwo oyamba kuona chimene ana atola. Za ku Black Sea ndi za mapangano a mayiko sitingazisinthe tili ku Machinjiri. Koma chitsulo chimene mwana wabwera nacho m'thumba madzulo ano, chimenecho tingathe kuchifunsa: wachitola kuti, ndipo n'chiyani?